MWINI NYUMBA NDI MMISIRI WAKE: PHUNZIRO LOCHOKERA M'MBIRI YA MAKOMBONI A LUSAKA

Aphunzitsi ndi ana nonse, phunziro lathu la mbiri likukhudza chinthu chimene aliyense wa inu amachiona tsiku ndi tsiku, ndicho nyumba. Mukafunsa mwana wa ku Chawama kapena wa ku Mtendere kuti nyumba ya kwawo inamangidwa ndi yani, kaŵirikaŵiri amayankha kuti, "Anamanga ndi agogo." Yankho limeneli ndi loona, koma ndi losakwanira. Agogowo anapeza malo, anasunga ndalama, anatuta mchenga ndi madzi. Koma amene anakoka chingwe, nagwira mpeni womangira, nasanja njerwa kufikira khoma litaima chilili, anali munthu wina, mmisiri wolembedwa ntchito. Mbali yaikulu ya mzinda wa Lusaka inamangidwa ndi anthu aŵiri ameneŵa. Kumene anamvana, nyumba zawo zilipo mpaka lero. Kumene sanamvane, ndalama zosungidwa zaka zambiri zinathera m'makoma ong'aluka ndi m'maziko omera udzu. Tiyeni tione mmene zinayambira, ndiponso zimene mbiri imeneyi ingaphunzitse banja lofuna kumanga.

MZINDA UMENE SUNAKONZERE MALO OUMANGA

Lusaka anayamba monga kasiteshoni ka njanji m'chaka cha 1905, ndipo dzina lake linachokera kwa nyakwaŵa ya mudzi wina wapafupi. Mu 1931 boma la atsamunda la Northern Rhodesia linasankha malo ameneŵa kuti akhale likulu m'malo mwa Livingstone, ndipo likululo linasamuka mu 1935. Katswiri wa mapulani a mizinda wochokera ku London, Stanley Adshead, analinganiza mzinda wa misewu yotakata, wa mitengo ndi mabwalo aakulu. Koma mzinda wokongolawo anaukonzera Azungu. Munthu wakuda ankaŵerengedwa ngati mlendo wodzagwira ntchito, woyenera kubwerera kumudzi ntchitoyo ikatha. Ankayenda ndi chitupa, ndipo pogona pake pankadalira bwana amene wamulemba.

Nanga anthu amene ankaumba njerwa, kuphwanya miyala ndi kumanga maofesi a boma ankagona kuti? Makampani omanga ndi eni mafamu ozungulira tauni ankawapatsa malo oti amangepo timisasa ta mitengo ndi dothi. Malo otere ndiwo tinayamba kuwatchula kuti komboni. Ntchito ikatha kampani inkachoka, koma anthu ankatsala, ndipo eni malo ena anayamba kuwalipiritsa lendi. Ndicho chifukwa chake makomboni ambiri ali ndi maina achizungu. John Laing ndi John Howard ndi maina a makampani omanga a ku Britain. George ndi dzina la mwini malo. Chawama poyamba ankatchedwa Roberts.

Motero kuyambira pachiyambi m'makomboni munali anthu odziŵa kuŵaka, kupala matabwa ndi kukhoma malata. Ena anaphunzira luso lawo ku masukulu a mishoni, koma ambiri anaphunzirira pa ntchito pomwepo. Mnyamata ankayamba monga dakaboyi, wokanda matope ndi kukankha wilibala, kufikira tsiku limene kapitao wamulola kugwira mpeni. Chodabwitsa nchakuti amisiri ameneŵa, amene masana ankamanga nyumba zolimba ku Ridgeway, usiku ankagona m'timisasa todontha. Sikunali kusoŵa luso ayi. Malowo sanali awo, ndipo khonsolo inkatha kugwetsa nyumbazo tsiku lililonse. Palibe munthu amene amathira simenti pamalo pamene angathamangitsidwepo maŵa.

UFULU NDI KUCHULUKA KWA ANTHU

Mu 1948 boma linakhazikitsa lamulo lokakamiza makhonsolo ndi olemba ntchito kupezera nyumba antchito achikuda a m'matauni. Pambuyo pa lamulo limeneli, m'zaka za m'ma 1950, khonsolo inamanga nyumba zambiri za lendi ku Matero ndi ku Chilenje. M'zaka zomwezo fakitale ya simenti ya ku Chilanga, kummwera kwa mzinda, inali itayamba kugwira ntchito. Komabe nyumba za khonsolo zinali zoŵerengeka, ndipo munthu ntchito ikamthera, nyumbanso inkamthera.

Zambia atalandira ufulu pa 24 October 1964, malamulo oletsa anthu kuloŵa m'tauni anatha mphamvu. Mu 1963 anthu a mu Lusaka anali opitirira pang'ono 120,000. Pofika 1969 anali oposa 260,000. Ndipo mu 1980 anapyola theka la miliyoni. Panalibe khonsolo imene ikanatha kumangira khamu lotere. Boma linayesa njira yatsopano: kupima mapuloti, kulambula misewu, kufikitsa madzi, kenaka kusiyira munthu kuti amange yekha. Mtendere anayamba motero chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960. M'makomboni osavomerezeka, monga George ndi Kanyama wakale, malo ankagaŵidwa ndi matcheyamani a chipani cha UNIP.

Kamangidwe kake kanali ka pang'onopang'ono. Banja linkayamba ndi nyumba ya mitengo ndi dothi, kenaka ya zidina, ndiye kuti njerwa zoumitsa padzuŵa, potsiriza ya mabuloko a simenti, chipinda chimodzi chaka chino, china chaka chamaŵa. Akatswiri aŵiri a ku Sweden, Ann ndi Thomas Schlyter, anatsatira nyumba za ku George kwa zaka zambiri, najambula mmene zinali kusinthira. Zimene analemba zikusonyeza kuti nyumba ya m'komboni imakula pamodzi ndi banja ndi thumba lake. Mmisiri amabwera, namanga, nachoka, nadzabweranso ndalama zikapezeka.

CHAKA CHA 1974

Poyamba maganizo a boma anali akuti makomboni osavomerezeka agwetsedwe. Koma m'pulani yachiŵiri ya chitukuko cha dziko, imene inayamba mu 1972, boma linavomereza kuti nyumba zimenezi ndi chuma cha anthu, ndipo nzofunika kuzikonza osati kuzipasula. Mu 1974 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo lotchedwa Housing (Statutory and Improvement Areas) Act. Mwa lamulo limeneli, munthu wokhala m'komboni yovomerezedwa ankatha kulandira chikalata chomulola kukhala pamalopo zaka 30. M'chaka chomwecho World Bank inabwereketsa dziko lino madola 20 miliyoni kuti athandize kukonza makomboni a Lusaka ndi kutsegula mapuloti atsopano. Ntchitoyo inafika ku Chawama, George, Garden, Chaisa ndi Chipata. Anthu eni ake ankayenda ndi akatswiri kusankha modzera misewu, ndipo amene nyumba zawo zinali mumsewu ankapatsidwa mapuloti pafupi. Mpope umodzi wa madzi unkatumikira nyumba pafupifupi 25. Kalingalinga anakonzedwa pambuyo pake, m'zaka za m'ma 1980, ndi chithandizo cha boma la Germany.

Anthu atangoona kuti malo ndi awo, anayamba kugwetsa zidina ndi kumanga za mabuloko. Okonza pulani ankaganiza kuti mabanja adzamanga ndi manja awo, koma ambiri anali ndi ntchito zina masana, ndiponso kuŵaka sikuli kwa aliyense, choncho analemba amisiri. Taonani chinthu chimodzi chanzeru chimene chinachitika: ngongole yomangira sinkaperekedwa ngati ndalama za m'manja. Munthu ankakatenga simenti, malata ndi mafelemu ku nyumba yosungiramo zipangizo. Okonza ntchitoyo ankadziŵa kuti ndalama zili ndi miyendo, koma malata saloŵa m'thumba la malaya.

Mu 1975 mtengo wa mkuwa unagwa pa misika ya kunja, ndipo m'zaka zotsatira katundu anakwera mitengo, simenti nkumasoŵa. Ngongole imene ikanamanga zipinda ziŵiri inayamba kulephera kufika padenga. Mabanja amene anagula zipangizo msanga anapulumuka. Amene anasunga ndalama m'kabati anaziona zikusungunuka.

MADZI A KU KANYAMA

Pali phunziro lina limene mzinda unaphunzira moŵaŵa. Mbali yaikulu ya kumadzulo ndi kummwera kwa Lusaka ndi yathyathyathya, ndipo pansi pake pali thanthwe la laimu lokhala ndi mapanga ndi ming'alu. M'dzinja madzi a pansi amakwera mpaka kufika pamwamba. Mu 1978 mvula yaikulu inasefukira ku Kanyama, nyumba zambiri zinagwa, anthu ena anafa, ndipo ochuluka anasoŵa pogona. Makoma a zidina akaima m'madzi amafeŵa kunsi ndi kukhala pansi ngati phala. Madzi omwewo amadzaza zimbudzi za maenje ndi kuthira zonyansa m'zitsime zosaya, ndipo Kanyama anali pakati pa madera amene anavutika koposa ndi kolera wa 2017 ndi 2018. Mmisiri wodziŵa ntchito yake amayamba wafunsa kuti, "Kodi madzi amafika pati mu February?" asanakumbe ngakhale khasu limodzi.

TSONO BANJA LOFUNA KUMANGA LICHITE CHIYANI?

Choyamba ndi chikalata cha malo. Taona kuti nyumba zolimba zinadza pambuyo pa chikalata. Lamulo la 1974 linaloŵedwa m'malo ndi Urban and Regional Planning Act ya 2015, koma mfundo yake sinasinthe: malo amatsimikizidwa ndi khonsolo kapena unduna woona za malo. Munthu wongoloza ndi chala kuti, "Mangani apa," alibe mphamvu imeneyo, ngakhale atavala malaya a chipani chilichonse. Makolo apite ku Civic Centre, pa Independence Avenue, akafunse ngati wogulitsayo alidi mwini, ngati malowo sali pa msewu, pa ngalande kapena pansi pa nthambo za magetsi, ndiponso akapereke pulani ya nyumba kuti ivomerezedwe. Safunsa anadya phula.

Chachiŵiri ndi kusankha mmisiri. Pakamwa pa mmisiri si pamene pali luso lake. Luso lili m'makoma amene anamanga. Funsani mwaulemu kuti, "Amisiri, kodi ilipo nyumba imene munamanga zaka zisanu zapitazo yoti tikaione?" Nyumba yatsopano yopaka penti imabisa zambiri, pakuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Koma nyumba imene yapyola madzinja asanu siinama. Yang'anani ngati pamwamba pa zitseko ndi mazenera pali ming'alu, ngati kunsi kwa khoma kuli chinyezi, ngati zitseko zimatsekeka bwino. Kenaka chezani ndi mwini nyumbayo mmisiri palibe. Kodi anamaliza pa nthaŵi yake? Kodi simenti inkakwana? Kodi atamuitana kudzakonza cholakwika anabwera? Amisiri ena ali ndi satifiketi ya mayeso a luso yochokera ku TEVETA, ndipo makontrakita amalembetsa ku National Council for Construction, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2003. Mapepala ameneŵa ndi abwino kuwaona, makamaka ngati nyumba ili yaikulu. Nyumba yosanja imafunanso injiniya. Funsani mitengo kwa amisiri atatu. Amene watchula mtengo wotsikitsitsa kaŵirikaŵiri amadzabweza kusiyanako pochepetsa simenti kapena pothaŵira ntchito ina pakati pa ulendo.

Chachitatu ndi pangano lolembedwa. Ambiri amachita manyazi kulemba pangano ndi mnansi, mlamu kapena mkulu wa mpingo, poopa kuoneka ngati sakumukhulupirira. Koma chibale chambiri chatha chifukwa cha mawu amene aliyense anawakumbukira mosiyana. Tsamba limodzi la kope ndi lokwanira. Palembedwe maina ndi manambala a ziphaso za onse aŵiri, ntchito imene ichitike, chipinda ndi chipinda, mtengo wake, amene agule zipangizo, amene alipire madakaboyi, amene atunge madzi, ndi tsiku loyamba ndi lomaliza. Asaine onse aŵiri pamaso pa mboni ziŵiri, aliyense asunge pepala lake. Ngati pakati pa ntchito amayi aganiza zoonjezera khonde, mtengo wa khondelo ulembedwe lisanayambe kumangidwa. Mkangano ukakula, pepala limeneli ndilo lidzayankhula pamaso pa akuluakulu kapena ku khoti.

Chachinayi ndi kalipiridwe. Pano mpamene makomboni anatisiyira nzeru yaikulu: nyumba imamangidwa m'magawo, choncho ilipiridwenso m'magawo. Amisiri a mu Lusaka amadziŵa bwino magawo ameneŵa: maziko, silabu, khoma kufika pa mazenera, khoma kufika pa lintala, denga, ndi pulasitala. Gawo likatha ndipo mwaliona ndi maso, lipirani la gawolo tsiku lomwelo. Musapereke ndalama za denga maziko asanathe. Mugwirizanenso pachiyambi kuti kagawo kakang'ono ka malipiro kadzatsala kufikira mvula yoyamba itayesa denga. Malipiro alionse alembedwe m'kope ndi kusainidwa. Ngati mwatumiza pa foni, sungani uthenga wake.

Chachisanu ndi zipangizo. Kumbukirani nyumba zosungiramo zipangizo za mu 1974. Njira imene mabanja ambiri amatsata ndi yakuti mmisiri alipidwe ntchito ya manja ake okha, ndipo mwini nyumba agule yekha katundu motsata mndandanda umene mmisiri walemba. Mabuloko, malata, miyala ndi mafelemu, monga amene amawotcherera m'mbali mwa Alick Nkhata Road ku Kalingalinga, mungagule pang'onopang'ono ndi kusunga. Simenti yokha ndiyo yosasungika nthaŵi yaitali, pakuti ikamva chinyezi imauma m'thumba. Igulidwe ntchito itayandikira, iikidwe pa matabwa m'chipinda chokiya, ndipo madzulo alionse matumba opanda kanthu aŵerengedwe. Pogula mabuloko, kandani limodzi ndi msomali. Likamanyenyeka ngati chigumu, oumba anaumira simenti.

MASO A MWINI NYUMBA

Simufunika kukhala injiniya kuti muyang'anire nyumba yanu. Pali zinthu zoŵerengeka zimene ngakhale mwana wa Giredi 6 angathe kuziona.

Pa tsiku lokhoma zikhomo, yesani ngodya. Kuchokera pa ngodya pimani mamita 3 mbali imodzi ndi mamita 4 mbali inayo. Ngati ngodyayo ili yolunjika, mtunda wa pakati pa nsonga ziŵirizo udzakhala mamita 5 ndendende. Pimaninso chipinda mopingasa, kuchokera ngodya ina kufika ina yoyang'anana nayo. Miyeso iŵiriyo iyenera kufanana. Cholakwa cha tsiku limeneli chimatsata nyumba mpaka ku malata.

Maziko akumbidwe kufikira pa nthaka yolimba, osati pa dzala lakale kapena pa dzenje la chimbudzi lokwiriridwa, zimene zili zambiri m'makomboni akale. Silabu ikwere pamwamba pa malire amene madzi amafika m'dzinja. Anansi okhalitsa adzakuonetsani malirewo pa makoma awo. Pansi pa silabu ndi pansi pa mzere woyamba wa mabuloko payalidwe pulasitiki yotchinga chinyezi. Chimbudzi chikhale kutali ndi chitsime, ndipo kumalo a madzi dzenje lake liŵakidwe ndi kukwezedwa.

Kasakanizidwe ka konkire kapimidwe ndi ndowa imodzimodzi, osati ndi fosholo. Pa maziko amisiri ambiri amaika muyeso 1 wa simenti, 3 ya mchenga ndi 6 ya miyala; pa lintala, mmene mumaloŵa zitsulo, amaika 1, 2 ndi 4. Thumba la simenti limalemera makilogalamu 50. Konkire ikathiridwa iyenera kuthiriridwa madzi kwa masiku osachepera 7, pakuti simenti imalimba pomwa madzi, ndipo imafika pa mphamvu yake yeniyeni patapita masiku ngati 28. Ntchito yothirira imeneyi ana angathandize asanapite ku sukulu.

Fikani pamalopo kaŵirikaŵiri, makamaka pa masiku othira maziko, silabu ndi lintala, chifukwa zimene zakwiriridwa sizionekanso. Mukaona chokayikitsa, itanirani mmisiri pambali ndi kumufunsa. Musamudzudzule pamaso pa anyamata ake.

MANGAŴA A MWINI NYUMBA

Tisaganize kuti olakwa ndi amisiri okha. Alipo amisiri ambiri amene anamaliza denga nayenda miyezi akulondola ndalama zawo, ana awo akugona ndi njala. Alipo eni nyumba amene amagula matumba asanu pamene mmisiri anapempha asanu ndi atatu, khoma likang'aluka nkumaloza mmisiri chala. Ena amasintha pulani sabata iliyonse, ena amaitana mmisiri mchenga usanafike, tsiku lake nkupita pachabe. Mmisiri akakuuzani kuti ndalama zanu sizikwana zipinda zinayi, mverani. Agogo a ku George anayamba ndi ziŵiri zolimba, nasiya malo oonjezerapo. Boma litagulitsa nyumba za khonsolo kwa okhalamo mu 1996, anthu a ku Matero ndi ku Chilenje anachitanso chimodzimodzi, kuonjezera chipinda pa chipinda. Mutu umodzi susenza denga: mwini nyumba amabweretsa malo, zipangizo ndi maso, mmisiri amabweretsa luso ndi thukuta, ndipo aliyense ayenera kulandira zake.

Ana inu, anyamata ndi atsikana omwe, ena mwa inu mudzakhala amisiri, ena mudzalemba amisiri. Mzinda ukukulirakulirabe, ndipo mvula ya February idzayesa ntchito yanu monga inayesera ya makolo anu.

ZOCHITA M'KALASI

1. Funsani munthu wachikulire wa kwanu kuti komboni yanu inayamba liti, dzina lake linachokera kuti, ndipo nyumba yawo yoyamba inali yotani. Lembani zimene akuuzani.

2. Jambulani mzere wa zaka, muikepo 1905, 1935, 1948, 1964, 1974, 1978 ndi 1996, ndipo pa chaka chilichonse mulembe chimene chinachitika.

3. Pa bwalo la sukulu, tengani chingwe ndi zikhomo, mupime chipinda cha mamita 4 m'litali ndi mamita 3 m'lifupi. Kodi muyeso wopingasa ndi wotani?

4. Aphunzitsi agaŵe ana aŵiriaŵiri, wina akhale mwini nyumba, wina mmisiri. Alembe pangano la tsamba limodzi lomanga chipinda chimodzi, ndipo kalasi ione ngati aiŵala kanthu.

5. Ngati pafupi ndi sukulu pali mmisiri wodziŵika bwino, aphunzitsi amupemphe kuti adzaonetse ana levulo, chingwe ndi mpeni womangira, ndi kufotokoza mmene anaphunzirira ntchito yake.